Galimoto yamagetsi ilibe moto, nde tiziitchabe galimoto?

Funso: Aphunzitsi, mwana wanga wandionetsa pa foni galimoto za Tesla, akuti sizimwa mafuta, sizitulutsa utsi, ndipo mtsogolomu zonse zidzakhala choncho. Nde poti m'mawu oti galimoto muli moto, zimenezi tizizitchula chani? Sipakufunika dzina latsopano? (Bambo wina wa ku Kasungu)

Bambo, dzinali lisakusowetseni tulo. Mbali yoyamba ya mawuwa ndi gari wa m'Chiswahili, amenenso iwo anabwereka kwa amwenye. Mbali yachiwiriyo nde anthu amakanganirana, ena amati ndi moto weniweni, ena amati ndi mota ya azungu ija yomwenso ili mu motoka wa anzathu aku Zambia. Kaya zoona ndi ziti, mawu akakhazikika pakamwa sayang'ananso kumene anachokera. Taonani sitima. Dzinalo linachokera ku zombo zoyendera nthunzi, koma Ilala yomwe yakhala pa nyanja kuyambira 1951 imayendera dizilo ndipo palibe anaichotsa usitima.

Komanso chomwe chimandisangalatsa ine nchakuti Chichewa chinakonzekera kale nkhaniyi osadziwa. Foni ikazima timati chani? Yatha moto. Batire latha moto, ndibwerekeni tchaja ndiikeko moto pang'ono. Ndekuti kwa ife moto ndi mphamvu ya m'batire, palibe anakhala pansi kupanga zimenezi, zinangobwera zokha pa msika ndi m'maminibasi. Tsiku lomwe galimoto yamagetsi idzaime pa Zalewa batire litauma, mwini wake adzangoti yatha moto ndipo aliyense adzamva. Ingonenani galimoto yamagetsi basi, mmene tinachitira ndi njinga, ina yakapalasa ina yamoto.

Pomwe pasinthe mpa mneni. Mafuta timathira kapena kumwetsa, nchifukwa chake pali malo omwetsera mafuta. Magetsi sitimwetsa, timatchaja, nde malowo ndi malo otchajira galimoto. Ndaonapo ena akulemba "malo owonjezera mphamvu ya magetsi m'galimoto" pofuna kuthawa mawu obwereka, koma ndani angayankhule choncho ali pa changu? Nanga zija zophatikiza injini ndi batire ngati Toyota Prius yomwe inatuluka ku Japan mu 1997, amakaniko amangoti haibulidi, ine ndilibe nazo vuto.

Funso: Ndimafuna kulemba za ma taxi a Waymo omwe akunyamula anthu ku Phoenix ndi San Francisco, mizinda ya ku America, popanda munthu pa chiwongolero. Ndilembe "galimoto yoyenda yokha" kapena "yoziyendetsa yokha"? (Mtsikana wina wophunzira utolankhani)

Chemwali, zonse ziwirizi zili ndi kachilema. "Yoyenda yokha" imamveka koma ndi yotakata kwambiri, galimoto yomwe mwaiwala handibuleki pa chitunda nayonso imayenda yokha mpaka mu ngalande, ndipo kumudzi mukanena kuti ndaona galimoto ikuyenda yokha usiku agogo ayamba nkhani ina. Enanso angaganize kuti mukunena za otomatiki, yomwe imangosintha magiya yokha koma dalaivala alipo.

Yachiwiriyo nde yabwino koma mwadya d. Kachidutswa kosonyeza kuti chinthu chikudzichitira chokha ndi -dzi-, monga kudziona, kudzikonda, kudzipweteka. Pomwe -zi- amaloza zinthu zina zambiri, "akuziyendetsa" ndekuti pali galimoto zingapo ndipo munthu wina akuyendetsa zimenezo. Ndikudziwa pa WhatsApp tonse timangolemba zi paliponse ndipo pakamwa ambiri sasiyanitsanso, koma mu nyuzi lembani yodziyendetsa yokha. Ikakutalikirani pa mutu wa nkhani, "yopanda dalaivala" ndi yachidule ndipo ngakhale mwana amva.

Wina wafunsa ngati galimoto youluka idzakhale ndege. Ikamatera nkuyenda pa msewu ndi matayala mpaka kunyumba ndi galimoto youluka, ikamangouluka basi imeneyo ndi ndege, ngakhale otsatsa malonda aitche dzina lokoma bwanji.

Funso lomaliza lachokera kwa mayi wina wa ku Johannesburg, akuti pa gulu lawo anakangana mpaka usiku, kodi ndi "galimoto yamagetsi" kapena "galimoto lamagetsi", nanga zikachuluka?

Mayi, palibe analakwa pamenepo. Galimoto imakhala m'magulu awiri a mayina, ena amaiyendetsa ngati nyumba, galimoto yanga, galimoto zanga, ena ngati khasu, galimoto langa, magalimoto anga. Ku Malawi kuno yomwe mumve kwambiri ndi galimoto yanga, koma chodabwitsa nchakuti munthu yemweyo zikachuluka amalumphira ku magalimoto anga, ndipo khutu silidandaula. Chomwe ndimakana ine nkusakaniza m'chiganizo chimodzi, zoti "magalimoto zamagetsi zafika" ayi ndithu. Mukayamba ndi ma- pitirizani choncho, magalimoto amagetsi afika. Mukasiya ma-, galimoto zamagetsi zafika. Kauzeni a pa gulupo kuti agone.