Misewu Yakula, Nanga Bwanji Tikuimabe Pamzere?

Mayi wina amene amakhala ku Area 25 mu Lilongwe, ndipo amagwira ntchito ku City Centre, wandilembera kalata pa imelo. Akuti ngakhale misewu ina yakulitsidwa, ndipo pa Area 18 pali msewu wodutsa pamwamba pa unzake, iwo akudzukabe m'mbandakucha kuti asachedwe ku ntchito, moti tsopano akuganiza zotenga ngongole kuti agule galimoto. Funso lawo ndi lakuti: kodi pali chimene mzinda ungachite kuti anthu aziyenda bwino popanda aliyense kukhala ndi galimoto yake?

Mayi, chilipo, koma si kukulitsa misewu. Msewu ukakula, galimoto zimayenda momasuka kwa kanthawi, ndipo anthu amene ankazengereza monga inuyo amalimba mtima n'kuitanitsa zawo ku Japan, kenako malo atsopano aja amadzazanso. Lilongwe ali ndi vuto linanso lobadwa nalo, chifukwa mzindawu, umene unakhala likulu la dziko mu 1975, anaumanga momwazikana: maofesi a boma ku Capital Hill, msika ndi depoti ku Old Town, mafakitale ku Kanengo, pamene anthu ambiri amagona kutali ndi zonsezi.

Munthu amene wakhala mu minibasi pa siteji kudikira kuti idzaze, oitanira akukuwa panja, kenako kondakitala n'kumuuza kuti asendere kuti pampando wa anthu atatu pakhale wachinayi, sindingamudzudzule akamalakalaka galimoto. Sakufuna galimoto kwenikweni ayi. Akufuna kudziwa nthawi imene afike.

Apa m'pamene tiyenera kuyang'ana kwa anansi athu ku Dar es Salaam, kumene kumatsikira galimoto zambiri zimene timaitanitsazo. Mu 2016 mzindawu unayambitsa mabasi akuluakulu amene eniake amawatchula kuti mwendokasi, oyenda mtunda wa makilomita pafupifupi 21, makamaka mu Morogoro Road kuchokera ku Kimara mpaka ku Kivukoni. Chinsinsi chake si kukula kwa basi, koma kuti pakati pa msewu anapatulapo njira imene galimoto ina iliyonse siloledwa kulowamo. Okwera amalipira asanafike pamalo okwerera, ndipo malowo ndi okwezeka kufanana ndi khomo la basi, choncho basi siitaya nthawi poima. Bwana amene ali yekha m'galimoto yake amaima pamzere akuona basi yodzaza anthu ikumudutsa, ndipo zimenezi zimaphunzitsa kuposa chikwangwani chilichonse. Komabe, a ku Dar es Salaam nawonso ali ndi mavuto awo, chifukwa mabasi amachepa, anthu amathithikana, ndipo pa chigwa cha Jangwani, pamene njirayi imadutsa, madzi akasefukira ulendo umaima. Nzeru yopatulira mabasi njira yawoyawoyi inayamba kutchuka ku Curitiba, m'dziko la Brazil, mu 1974, meya ali Jaime Lerner, ndipo kumeneko anawonjezera lamulo loti nyumba zitalizitali zizimangidwa m'mbali mwa njira za mabasi, kuti anthu azikhala pafupi ndi pokwerera.

Chovuta kwathu kuno si simenti kapena phula, chifukwa pamsewu wa mizere isanu ndi umodzi malo opatulira basi alipo kale. Chovuta ndi eni maminibasi, madalaivala ndi makondakitala, amene mabanja awo amadyera pamsewupo. Ndondomeko imene ingawatenge ngati adani idzagwa msanga. Ayenera kukhala ndi gawo m'kampani yoyendetsa mabasiwo, ndipo maminibasi ndi akabaza apatsidwe ntchito yotenga anthu m'makwalala kuwafikitsa ku msewu waukulu. Khonsolo ya mzinda nayo isamaiwale oyenda pansi ndi opalasa njinga, amene ndi ochuluka kuposa eni galimoto koma amayenda m'fumbi, m'mphepete mwa ngalande, ndipo nthawi ya dzinja amathiridwa matope.

Za ngongole yanuyo, Mayi, sindikuletsani, popeza basi ya njira yakeyake kuno sinafike. Koma musanasaine, muwerengere mafuta, inshuwalansi ndi zipangizo zimene timagula ndi ndalama zakunja, ndiponso maola ogona pamalo omwetsera mafuta akasowa. Mukumbukirenso kuti galimoto yanuyo idzaima pamzere womwewo umene minibasi yanu imaimapo m'mawa uliwonse pochokera ku Area 25.