Tibokosi ta ma TV otsatsa malonda: ine tinandiliza, mvetserani kaye musanagule

Lachiwiri ndinalandira imelo kuchokera kwa achimwene ena a ku Mzuzu, ali ndi mashopu anayi a zipangizo zomangira nyumba ndipo akufuna kupachika TV m'shopu iliyonse yoonetsa mitengo ndi zotsatsa, yoti azisintha ali khale pa ofesi. Wogulitsa wina wawalonjeza kabokosi kotchipa koma kolipira mwezi ndi mwezi, mnzawo akuti ayi funani ka "open standard". Ndiye akufunsa ngati mawu amenewa ali ndi nzeru kapena ndi chizungu chongokwezera mtengo.

Achimwene, mwandikanda pachilonda. Ndinawerenga imelo yanu kawiri kenako ndinadzuka kukamwa madzi kaye.

Mu 2021 ndinapeza ganyu kwa bambo ena omwe ali ndi mafamase angapo, ma TV asanu ndi imodzi onse pamodzi. Ine kuthamanga, ndinaitanitsa tibokosi kuchokera ku kampani ina yakunja, sinditchula dzina, tokongola takuda tokwana m'manja, ungolumikiza HDMI ndi WiFi basi kayamba kugwira. Miyezi yoyamba ndinali mfumu, bambo aja akafuna kusintha mtengo wa mankhwala a chifuwa amangonditumizira pa WhatsApp ine nkusintha ndili pa minibasi, mphindi ziwiri zatheka m'mashopu onse, mpaka amandiitana kuti "injiniya" pamaso pa anthu. Zoti timalipira m'madola pa TV iliyonse mwezi uliwonse sitinaziwerengere, kanali kandalama kochepa panthawiyo. Kenako Meyi 2022 kwacha inagwa ndi 25 peresenti, Novembala 2023 inagwanso ndi 44 peresenti, ndipo pakati ponsepo forex ikusowa, khadi kumangokana ukafuna kulipira kunja. Mwezi wina ndalama sinadutse. Ndiye mmawa wina foni kulira, bambo aja mawu ali pansipansi, amene amayankhula akakwiya zenizeni: mphwanga, tabwera udzaone. Ma TV onse akuonetsa uthenga wachizungu woti akaunti yaimitsidwa, makasitomala ali pamzere akuwerenga kuti eni famase ali ndi ngongole. Ndinalakalaka nthaka itang'ambika.

Ndinati palibe vuto, tibokosi ndi tathu tinagula ndi ndalama zathu, ndiikamo pulogalamu ina. Mausiku atatu ndikulimbana nato. Tinali tokhoma mkati, sitilola pulogalamu ina iliyonse, ngakhale kanema wa pa fulashi sitisewera popanda kufunsa kaye seva ya eni ake. Apa mpomwe ndinazindikira kuti sitinagule kanthu, tinachita lendi koma nkulipiriratu mtengo wogulira. Mpaka lero tili m'katoni pansi pa bedi, mayi akunyumba amatikankha ndi tsache Loweruka lililonse nkumandiyang'ana osanena kanthu.

Ndipo musaganize kuti zimenezi zimagwera ife osauka okha. Kumbukirani Flash, pulogalamu ya kampani ya Adobe yoseweretsa makanema ndi zithunzi zoyenda, makampani ambiri a zikwangwani za pa TV anamanga zinthu zawo pa iyo chifukwa inkaoneka ngati sidzatha, koma inali ya kampani imodzi, ndipo Adobe itanena kuti pa 31 Disembala 2020 basi kwatha, aliyense anayenera kupanganso zinthu zake kapena kukhala ndi pulogalamu yakufa. Chinthu chikakhala cha munthu mmodzi tsiku lomwe watopa nacho nonse mwatopa nacho. Ine pano ndafika poti ndikalowa m'banki kapena m'chipatala nkuona TV yakuda yolembedwa No Signal sindiseka, ndimadziwa kuti penapake pali mnyamata ngati ine yemwe foni yake sakuyankha. Mwina ndi chingwe chabe chasomphoka, koma mtima wanga umathamangira ku layisensi.

Nanga open standard ndi chani kwenikweni

Pali zinthu ziwiri, kabokosi komwe kamasewera zinthu kuseri kwa TV, ndi pulogalamu ya pa seva yomwe mumaikamo zithunzi nkunena kuti ichi chioneke nthawi yakuti. Nkhani yonse yagona pa chinenero chomwe awiriwa amalankhulana. Chikakhala chachinsinsi cha kampani, mwakwatiwa ukwati wopanda chisudzulo. Chikakhala cholembedwa poyera choti aliyense atha kuwerenga ndi kugwiritsa ntchito, mutha kusintha seva nkusunga tibokosi, kapena kusintha tibokosi nkusunga seva.

Chodziwika kwambiri pa ntchito imeneyi ndi SMIL, amachitchula ngati smile. Chinachokera ku W3C, bungwe lomwelija loyang'anira malamulo a mawebusaiti, choyamba chinatuluka 1998, SMIL 3.0 mu 2008. Ndi fayilo ya XML wamba yoti mutha kutsegula mu Notepad nkuwerenga ndi maso: seq kutanthauza izi zisewere motsatana, par izi zisewere nthawi imodzi, kanema uku mitengo ikuyenda m'munsi, ndipo pali wallclock yonenera kuti ichi chiyambe 7 koloko mmawa. Kampani ya ku Taiwan ya IAdea ndi yomwe inakankha kwambiri SMIL m'tibokosi take, komanso pali garlic-player yaulere yomwe imawerenga SMIL. China ndi HTML5, yomwe W3C inaikhazikitsa mu 2014, apa kabokosi kangokhala browser yotsegula peji yomwe mwaiuza. Makanema akhale MP4 ya H.264, zithunzi JPEG kapena PNG, zomwe chilichonse chimasewera.

Koma pano ndiuma mtima pang'ono, chifukwa ogulitsa anaphunzira kuti mawu oti open amagulitsa. Wina adzakuuzani kuti kathu nka open chifukwa kamasewera HTML5, eya kamasewera, koma ndandanda yoti chani chisewere liti imachokerabe ku seva yawo yokha, ndiye mwatsegula windo chitseko chili chokhoma. Wina adzati ndi Android ndiye ndi open, pomwe anatseka poikira ma app. Kwa ine amenewa ndi mabodza basi, sindikufunanso kuwapatsa dzina laulemu. Komanso open standard ndi open source si chinthu chimodzi ayi. Mwachitsanzo pulogalamu ya zikwangwani za pa TV ya Xibo ndi open source, kutanthauza kuti code yake ili poyera, seva yake mutha kuiika pa kompyuta yanu mwaulere ndipo player (pulogalamu yosewera zinthu pa TV) ya Windows ndi yaulere, koma ya Android, ya webOS (ma TV a LG) ndi ya Tizen (ma TV a Samsung) mumagula layisensi, ndipo imalankhula chinenero chakechake osati SMIL, kungoti ncholembedwa poyera. Ma TV amalonda a Samsung okhala ndi Tizen ndi a LG okhala ndi webOS amabwera ndi player mkati momwemo, mapulogalamu a makampani ambiri amayendamo, zabwino ndithu, koma player ikakalamba simungaizule nkusiya TV, mudzagulabe kabokosi.

Za magetsi

Anzanga a kompyuta akamva zonsezi amakuwa kuti Raspberry Pi, kakompyuta kakang'ono kokwana m'manja! Inde, nanenso nditapsa ndinathawira komweko, Pi 4 ndi Anthias, pulogalamu yaulere yoonetsa zotsatsa pa TV, yomwe kale inkatchedwa Screenly OSE, ndipo bambo a famase aja anandikhululukira pang'ono. Koma nayonso ili ndi nthenda zake zomwe anthu a kunja salemba kwambiri chifukwa kwawo magetsi sathimathima. Pi imayendera memori khadi, magetsi akathima ikulemba khadi imatha kuonongeka, mawa lake osayaka. Ndipo Pi 4 ilibe wotchi ya batire mkati, ikayaka popanda intaneti sidziwa kuti ndi nthawi yanji, ndiye zotsatsa za mmawa zimatha kuoneka madzulo. Pi 5 ya 2023 ili ndi polumikizira batire ya wotchi, koma anachotsamo kachipangizo kosewerera makanema a H.264 kotero purosesa ndiyo imasenza yokha. Ka UPS kakang'ono, kabatire kosunga magetsi akathima, kamathetsa zambiri mwa izi, ndinaphunzira mochedwa nditagula makhadi kambirimbiri. TV nayonso, ya panyumba sinapangidwe kuti iziyaka tsiku lonse chaka chonse, zamalonda amazilemba 16/7 kapena 24/7, kutanthauza maola 16 kapena 24 pa tsiku sabata yonse, ngakhale kunena zoona shopu yotseka 5 koloko TV wamba imapirira ndithu, bola iziyaka yokha magetsi akabwera, osati kudikira rimoti yomwe mlonda anapita nayo kunyumba.

Ndatalikitsa, pepani. Yankho lanu achimwene: mawuwo ndi enieni, koma musakhulupirire zolembedwa pa katoni. Muuzeni wogulitsayo abweretse kabokosi kamodzi, azule intaneti muone ngati kakusewerabe zomwe kanasunga, azime pa soketi nkuyatsanso muone ngati kadzuka kokha, kenako akalozetse ku adiresi ya seva ina kapena fayilo ya SMIL yomwe si yawo inu mukuona. Mumufunsenso kuti mukasiya kulipira TV idzaonetsa chani, ayankhe polemba. Pa mashopu anayi ine ndikanayamba ndi shopu imodzi mwezi wathunthu. Ndipo ngati mukufuna tibokosi sikisi takuda taulere, mayi akunyumba akuti atha kukutumizirani pa basi ya ku Mzuzu mawa lomwe, transipoti alipira okha.