Yankho kwa m'bale wa ku Chibavi wofuna kusiya ntchito chifukwa cha zitsulo

Achimwene, mwafunsa ngati n'kwanzeru kusiya ntchito yaulonda kuti muzingonyamula zitsulo, popeza anzanu akujimu akuti thupi lanulo likhoza kumakudyetsani. Ndikuyankheni ndi moyo wa Ronnie Coleman, katswiri wa mipikisano yoonetsa minofu ya thupi, amene anyamata adzitho muno mu Mzuzu amamutchula kawirikawiri koma mbiri yake amaidziwa mbali imodzi yokha.

Coleman anabadwa mu 1964 ku Monroe, m'chigawo cha Louisiana ku America, ndipo anaphunzira zowerengera ndalama pa Grambling State University. Ntchito ya maphunziro akewo itasowa, anagwirako ku kampani yogulitsa zakudya ya Domino's Pizza, kenako mu 1989 analowa upolisi ku Arlington m'chigawo cha Texas. Kumeneko mwini jimu ya Metroflex, Brian Dobson, anamulonjeza kuti azinyamula zitsulo mwaulere ngati avomera kulowa mpikisano wa Mr. Texas wa 1990, ndipo anapambanadi. Koma Mr. Olympia, mpikisano waukulu koposa pa masewerawa, unamuvuta zaka zingapo, moti mu 1997 anathera pa nambala 9. Anautenga mu 1998, n'kupitiriza chaka ndi chaka mpaka 2005, kasanu ndi katatu, kufanana ndi katswiri wina wakale, Lee Haney.

Chimene ndikufuna muchimvetse n'chakuti zaka zonse zovutikazo munthuyu ankagwirabe ntchito kupolisi, ndipo ntchito ya tsiku ndi tsiku anaisiya mu 2000, ali kale katswiri wa dziko lonse lapansi. Malipiro a pamwezi ndiwo ankamugulira chakudya. Inunso mukudziwa kuti minofu imafuna mazira, soya, nyemba, nkhuku kapena usipa wa ku Nkhata Bay tsiku lililonse, pamene mipikisano imabwera mwa apo ndi apo, ndipo ngakhale mutapambana, mphotoyo siingalipire lendi ya chaka chonse. Mukasiya ntchito, choyamba kuchepa chidzakhala ndiwo, kenako thupi lomwe mukulidaliralo.

Mbali ina imandimvetsa chisoni kwambiri. Coleman ankanyonyomala atasenza zitsulo zolemera makilogalamu oposa 360, ndipo ankapitiriza ngakhale msana utavulala. Atapuma pa mipikisano mu 2007 anachitidwa maopaleshoni oposa khumi, a msana ndi chiuno, ndipo kuyenda kwake tsopano n'kwa ndodo kapena njinga ya olumala. Iyeyo anali ndi ndalama zolipirira madokotala. Ife kuno ambiri timanyamula simenti youmbira m'zitini, yomwe mbali ina imalemera kuposa inzake, popanda wotiwongolera kaimidwe ka msana, choncho ngozi yathu imayamba msanga.

Ntchitoyo igwireni ndithu, achimwene. Mukaweruka m'mawa, yambani mwagona mokwanira, zitsulo muzinyamula masana, ndipo muziwonjezera kulemera pang'onopang'ono. Wina akakutsatsani majakisoni okulitsa minofu mukane, chifukwa amawononga mtima ndi chiwindi. Ululu wa msana ukayamba kutsikira kumwendo, siyani zitsulo tsiku lomwelo mupite kuchipatala akakupimeni.