Galimoto ikakuwazani matope, liwu loyenera la Chingerezi ndi liti?

Mayi ena amene amagwira ntchito mu ofesi ku Lilongwe anditumizira imelo yokhala ndi funso la nyengo ya dzinja. Akuti tsiku lina akupita kuntchito, minibasi inadutsa mwaliwiro pachithaphwi n'kuwawaza matope, moti anabwerera kunyumba kukasintha zovala ndipo anafika mochedwa. Abwana awo, amene salankhula Chichewa, anawauza kuti alembe kalata yofotokoza chifukwa chochedwera. Atafufuza mu dikishonale anapeza liwu lakuti “bespattered”, koma mnzawo wa mu ofesimo anawaseka n'kunena kuti palibe munthu amene amalankhula choncho. Iwo akufuna kudziwa ngati liwuli lili lolakwika, komanso liwu loyenera kulembedwa m'malo mwake.

Mayi, liwu limene munapezalo ndi Chingerezi chenicheni ndipo tanthauzo lake ndi lomwe mumafunalo, koma mnzanuyo sanalakwitse kwenikweni. Liwu loyenera m'kalata yanu ndi “splashed”. Limeneli ndi limene munthu wa ku London, wa ku Johannesburg kapena wa ku New York anganene galimoto itamuchita zimene inakuchitani inuzo, ndipo limakwanira bwino polankhula ndi mnzanu komanso polembera abwana.

Pali mawu atatu ofanana kamvekedwe amene ayenera kusiyanitsidwa, omwe ndi “splash”, “spatter” ndi “splatter”. Loyambalo limanena za madzi kapena matope amadzimadzi amene adumpha ambiri nthawi imodzi chifukwa chinthu china chawamenya, monga tayala la galimoto, phazi la mwana kapena mwala woponyedwa padziwe. Maganizo a womva amapita pa chochitikacho: phokoso lake, kudzidzimuka kwake ndi kunyowa kumene kwatsatira. Liwu lakuti “spatter” limapititsa maganizo pa timadontho tambirimbiri timene tamwazika n'kusiya mawanga pansalu, pakhoma kapena pagalasi. Munthu wopalasa kabaza mumsewu wonyowa, njinga yake ilibe chotchinga matope kutayala lakumbuyo, amafika ali ndi mzere wa timadontho kumsana kwa malaya, ndipo malaya oterowo Mngerezi amawatchula kuti ndi “mud-spattered”. Mafuta othethekera kunja kwa poto pokazinga nawonso amatchulidwa ndi liwu lomweli. Akatswiri ofufuza milandu akamayang'ana mmene madontho a magazi agwera pamalo pamene pachitika upandu amati “blood spatter”, chifukwa chimene akufuna kudziwa ndi kukula kwa madonthowo ndi mbali imene analowera.

Lachitatu, “splatter”, lili pakati pa awiriwa, ndipo akatswiri ena a mbiri ya mawu amaganiza kuti linapangika posakaniza awiri enawo. Limanena za madontho akuluakulu a chinthu cholemererapo, monga phala, penti, phwetekere wowola kapena matope okhuthala, chimene chikagwa chimaphwanyika n'kufalikira mosalongosoka. Ndi liwu lomveka mwachisawawa pang'ono, lokoma pofotokozera anzanu nkhani yoseketsa, koma ine sindingalisankhe polemba kalata ya kuntchito. Ndiyenera kunenanso kuti eni chiyankhulochi sasunga malire amenewa mosamalitsa nthawi zonse, ndipo wina akhoza kunena “splattered with mud” pamene mnzake wanena “spattered with mud” popanda womudzudzula. Komabe kusiyanaku kulipo ndithu, ndipo wolemba wosamala amakumva. Inuyo munafuna kufotokoza chimene chinachitika pamsewu, osati maonekedwe a mawanga pasiketi, n'chifukwa chake “splashed” ndilo lapambana.

Tibwerere ku “bespattered”. Liwu lakuti “spatter” linayamba kuoneka m'zolembedwa za Chingerezi chakumapeto kwa zaka za m'ma 1500, ndipo m'zaka za m'ma 1600 anthu analiphatikiza ndi kachidutswa kakuti “be-” kumayambiriro kwake. Kachidutswaka n'kakale kwambiri m'Chingerezi, ndipo imodzi mwa ntchito zake ndi kusonyeza kuti chinthu chachitika ponseponse, mbali zonse za munthu kapena chinthu. Kaliponso m'mawu monga “besmear”, kupaka ponseponse, ndi “bedeck”, kukongoletsa ponseponse. Masiku ano mawu ambiri otere anatsalira m'mabuku a nthano, m'ndakatulo ndi m'zolemba zakale, ndipo munthu akawanena pakamwa amamveka ngati akuchita nthabwala kapena akudzionetsa kuti anawerenga kwambiri. Madikishonale ena amaika chizindikiro pambali pa liwu chosonyeza kuti ndi la m'mabuku, koma timadikishonale tating'ono ndiponso mapulogalamu omasulira a pafoni kawirikawiri amangopereka tanthauzo lokha, ndipo apa ndi pamene ophunzira ambiri amasocherera. Liwuli lilinso ndi tanthauzo lina lophiphiritsa, la kuipitsa mbiri ya munthu, monga mmene lilili liwu lakuti “besmirch”. Mwa mawu a banja limeneli, liwu limodzi limene likadali lamoyo pakamwa pa anthu ndi “bedraggled”, lonena za munthu kapena nyama yonyowa, yakuda ndiponso yosaoneka bwino chifukwa cha mvula ndi matope.

Koma kunena zoona, vuto limene ndimaliona kawirikawiri m'makalata a anthu olankhula Chichewa si kusankha liwu ayi, koma kamangidwe ka chiganizo chimene liwulo lalowamo. M'Chichewa timati “minibasi inandiwaza matope”, ndipo mneni mmodzi amanyamula apamtherankhani awiri, munthu ndi matope, popanda mperekezi pakati pawo. Chifukwa cha chizolowezi chimenechi ambiri amalemba kuti “the minibus splashed me mud”, chiganizo chimene Mngerezi angachimvetse koma adzadziwa nthawi yomweyo kuti n'cholakwika. Chingerezi chimalola apamtherankhani awiri otsatizana pa aneni ena, monga opereka ndi otumiza, koma osati pa mneni uyu. Pali njira ziwiri zokha zolondola. Mukayamba ndi munthu, matope amabwera pambuyo pa “with”, motero: “the minibus splashed me with mud”. Mukayamba ndi matope, munthu kapena chovala chimabwera pambuyo pa “on”, “onto” kapena “over”, motero: “the minibus splashed mud all over my skirt”. Lamulo lomweli limagwiranso ntchito pa “spatter” ndi “splatter”, ngakhalenso pa “smear” ndi “spray”.

Chiganizo chikatembenuzidwa kuti wochitiridwayo akhale patsogolo, pamabuka vuto lina limene gwero lake lilinso m'chiyankhulo chathu. Liwu lathu lakuti “ndi” limagwira ntchito ziwiri, pakuti timati “ndinawazidwa ndi minibasi” komanso tingathe kunena kuti “ndinadetsedwa ndi matope”. Chingerezi chimagawa ntchito ziwirizi kwa aperekezi awiri. Wochita, kaya ndi munthu kaya galimoto, amatsatira “by”, pamene chinthu chimene chawazidwacho chimatsatira “with”. Choncho chiganizo chathunthu ndi “I was splashed with mud by a passing minibus”. Polankhula anthu amakonda kunena “I got splashed”, ndipo palibe cholakwika pamenepo, koma m'kalata “was” ndiye woyenera.

Mawu ena atatu amabwera msanga m'maganizo mwathu chifukwa cha kumasulira liwu ndi liwu, ndipo onse sakwanira pano. Ambiri timati galimoto “yandithira matope”, ndiye timathamangira ku “pour”, koma “pour” ndi kutsanula kuchokera m'chiwiya, monga tiyi kuchokera mu ketulo, ndipo womva angaganize kuti dalaivala anatsika ndi ndowa. “Sprinkle” ndi kuwaza kofatsa ndiponso kwadala, monga mchere pandiwo kapena madzi pabwalo musanasese. “Spray” ali pafupi, chifukwa matayala a galimoto yothamanga pamsewu wonyowa amatulutsadi nkhungu ya timadzi imene imatchedwa choncho, koma liwuli silipereka chithunzi cha matope a m'chithaphwi. Chenjeraninso ndi “splutter”, amene amasiyana ndi “splatter” pa chilembo chimodzi chokha koma amanena za munthu wolankhula motsamwa malovu akuthovoka, kapena injini imene ikutsokomola isanazime.

Ngati matopewo anali ochuluka moti zovala zonse zinanyoweratu, “splashed” payekha akhoza kuchepetsa nkhaniyo, chifukwa liwuli silinena kuchuluka kwake. Pamenepo mungawonjezere “soaked” kapena “drenched”, amene amatanthauza kunyowa kotheratu, kapena “covered in mud”. Matope akauma n'kukakamira mochindikala pansapato kapena pamatayala amati “caked in mud”. Fumbi la m'chilimwe ndi nkhani ina. Mawu onse atatu tayamba nawo aja amafuna chinthu chamadzimadzi, choncho lole ikakudutsani pamsewu wafumbi mu Okutobala simunganene kuti “splashed with dust”, koma “covered in dust”.

Mwina mukuda nkhawa kuti “splashed” ndi liwu wamba kwambiri, losayenera kalata ya kuntchito. Umboni wabwino wotsutsa nkhawa imeneyi ukuchokera ku malamulo a pamsewu a ku Britain. Gawo 3 la lamulo lotchedwa Road Traffic Act la mu 1988 limati ndi mlandu kuyendetsa galimoto mosaganizira anthu ena ogwiritsa ntchito msewu, ndipo malangizo a Crown Prosecution Service, bungwe loimba anthu milandu m'malo mwa boma ku England ndi ku Wales, amatchula kudutsa pachithaphwi n'kuwaza oyenda pansi monga chimodzi mwa zitsanzo za mlandu umenewu. Liwu limene maloya olemba malangizowo anagwiritsa ntchito ndi “splashed”. Ngati likukwanira m'chikalata chotsogolera oimba milandu kukhoti, likwaniranso patebulo la abwana anu.

M'kalata yanuyo mungalembe motere: “I was late because a passing minibus splashed me with mud and I had to go home and change my clothes.” Ngati mukufuna kuti abwana amvetse kuti sikunali kotheka kufika ku ofesi mmene munalilimo, onjezerani mawu akuti “from head to toe” pambuyo pa “mud”, koma pokhapokha ngati matopewo anafikadi mpaka kumutu.