Musagawe katundu khothi lisanavomereze wilo

Pepani ndi maliro a bambo anu, achimwene. Mwafunsa ngati mungayambe kugawa katundu amene bambo anasiya potsatira wilo yawo. Ayi, musagawe kanthu panopa, ngakhale wiloyo ikutchula inu kuti ndinu woyendetsa chuma cha malemu. Tengani wilo yeniyeniyo, osati fotokope, pamodzi ndi chiphaso cha imfa, mupite nazo kukhothi. Khothi likakhutira kuti wiloyo inalembedwa mwalamulo, lidzakupatsani chikalata chokulolani kugwira chumacho. Mabanki ambiri satulutsa ndalama za malemu popanda chikalata chimenechi.

Mukachitenga, yambani ndi ngongole. Apa ndi pomwe ine ndinapsa. Mayi anga atamwalira, ndinapereka galimoto kwa mchemwali wanga sabata yachitatu yokha, poti wilo inatero. Patatha miyezi iwiri kunatulukira ngongole yomwe palibe ankaidziwa, ndipo ndinachita kukaitanitsanso makiyi, manyazi atandigwira. Ngongole ndi misonkho zimalipiridwa kaye, otchulidwa m'wilo amagawana zotsala.

Ndalama iliyonse yotuluka muziilemba m'kope, malisiti musataye. Ngati pali nyumba, ana aang'ono, kapena wachibale akukayikira siginecha ya mboni, kaonaneni ndi loya musanasunthe kanthu, chifukwa malamulowa amasiyana dziko ndi dziko.