Madzi a ku Chiweta si osambitsa mwana chisawawa

Asisi, mwati wamng'onoyo ali ndi zaka 4 ndiye mukufuna akasambire ku akasupe a ku Chiweta pa holide ino? Chonde imani kaye. Ndikulemba pano mtima ukuthamanga, chifukwa phazi la mwana wanga lili ndi chipsera cha malo omwewo mpaka lero. Ambiri amene akukuuzani kuti "pitani, ndi pabwino" anangoima, kujambulitsa chithunzi, n'kukwera galimoto kumapita ku Karonga. Sanapite ndi mwana.

Madzi aja si ofunda ayi, ndi otentha. Potulukira penipeni amafika pafupifupi madigiri 80, pomwe madzi obwadamuka pamoto ndi 100. Malo aja ali m'mphepete mwa chigwa chomwe muli nyanja yathuyi, pomwe nthaka inang'ambika kalekale. Madzi amvula amalowa m'ming'alumo mpaka pansi kwambiri, amakakumana ndi miyala yotentha, ndiye amabwerera pamwamba ali moto. Amazizira pang'onopang'ono akamayenderera kumunsi. Vuto ndi lakuti ndi maso simungadziwe kuti otentha athera pati.

Ife tinanyamuka kuno ku Mzuzu mu Julaye, kuli chifunga chija chosaona ndi munthu wapatsogolo, ana atavala majuzi awiriawiri. Tinali pa Sienta ya alamu anga. Ekwendeni, Enukweni, Bwengu, Phwezi, mpaka kudutsa pa mgodi wa malasha wa Mchenga ana akuimba, m'makhota a Chiweta akuwerenga anyani a m'mbali mwa msewu. Titatsikira kunyanja kunali kotentha ngati tachoka dziko lina.

Tisanatseke ndi zitseko zomwe, kunabwera mnyamata wina, foni ili m'manja, akuti iye ndi amene amayang'anira malowo. Anatchula ndalama, alamu anapereka osafunsa n'komwe kuti wamuika ndani. Ine ndinamufunsa ndi pakamwa pangapa kuti achimwene, ana angalowe pati? Iye osadzutsa mutu pafoni, anangoloza ndi chibwano: "Apo mayi, ana amasamba tsiku ndi tsiku." Apo! Chibwano chimaloza malo?

Ndinawerama kuti ndivule wamkaziyu juzi, mutu wake unali utakodwa m'khosi mwa juzimo. Kenako ndinamva kukuwa komwe sindinamvepo chibadwire cha mwana ameneyu. Potembenuka ndinaona wamwamunayu wangoima, osathawa, manja ali m'mwamba, pakamwa pali yasa. Phazi limodzi linali litatitimira m'matope, nthunzi ikutuluka mozungulira mwendo. Mwana wanga atapsa sanathawe asisi, anangouma pomwepo. Ndinamukoka pamkono, patapata inatsalira m'matopemo, ndipo pamwamba pa phazi panali patafiira kupatula mzere umene munadutsa chingwe cha patapata. Tikuyang'ana chomwecho matuza anayamba kutukuka, lina lalikulu pafupi ndi kachala kakang'ono. Iye akungoti amayi chotsani, amayi chotsani, ine osadziwa kuti ndichotse chiyani.

Ndiye alamu anga, bambo wamkulu ndithu, wopita kusukulu, anatsegula chikwama n'kutulutsa Colgate, kuyamba kumata pabala. Uku akumuuza mwana kuti mwamuna salira. Mwana wazaka 6! Anatipulumutsa ndi mayi ena amene ankachapa chakumunsi. Anabwera akuthamanga chitenje chili m'manja, akukalipa m'Chitumbuka, anawakankha alamuwo n'kuyamba kuthira madzi ozizira a m'chigubu chawo pang'onopang'ono osalekeza. Atatha anatuma mtsikana wawo kukatunga ena. Sanapemphe ngakhale tambala. Ine dzina lawo sindinafunse chifukwa mutu sunkagwira, koma Mulungu awadalitse kumene ali.

Woyang'anira malo uja? Anasowa ngati mchere mundiwo. Ndalama yapita, munthu wapita. Mayi aja anatiuza kuti ana akumeneko salowa pamene anatilozera paja, onse amadziwa. Ndiye kuti iye ankadziwanso, ulesi wodzutsa mutu basi. Ngati uli m'gulu muno mnyamata iwe, unavala jezi yofiira ya mpira, dziwa kuti sindinakukhululukire. Ndipo alamu mpaka lero akamafotokoza pabanja amati mwanayo ndi wosamva. Wosamva bwanji poti anapita pamene wamkulu analoza? Ndalama yamafuta anandiitanitsabe yonse, osachotsako ngakhale pang'ono.

Pobwerera tinakwera phiri lija tili kumbuyo kwa thanki yamafuta yochokera ku Tanzania, ikuyenda ngati ikufuna kuima, malo opitirira palibe, mwana akulira pamiyendo panga mpaka mawu anatha. Kuchipatala anamwino anayamba achotsa kaye Colgate uja asanaike mankhwala, ndipo mwana analira kuposa pamene ankapsa. Anatikalipira, ndipo ankanena zoona. Anati munthu akapsa ndi madzi ozizira basi, kuthira kwa mphindi 20, osati ayezi, osati dzira, osati mafuta ophikira, ndipo matuza osaboola. Sukulu atatsegulira iye anapita atavala nsapato imodzi.

Komabe pitani asisi, ndipo ana atengeni, asamangomva kuti kuli madzi otuluka pansi ali otentha, akaone okha ndi kumva kafungo kaja ka mazira oola. Wanga yemweyo amanyadira kwa anzake kuti anapsa ndi madzi opanda moto. Mukafika pezani mnyamata wakomweko akuperekezeni, nokha mungaponde poipa. Kungoti ndalama mumupatse pobwerera, ndipo ayambe iye kuviika phazi lake. Kapena funsani amayi ochapa, iwo ndi amene amadziwa polowa. Inunso yesani madzi ndi chigongono musanalole mwana, ndipo wazaka 4 uyo dzanja lake lisachoke m'dzanja lanu. Matope oderako aja asaponde. M'galimoto muike chigubu cha malita 20 cha madzi ozizira.

Ngati cholinga ndi kusambira kwenikweni, pitirirani pang'ono mukafike ku Chitimba, mchenga uliko, ana akasewere m'nyanja, mukadzabwerako mukafunse kuchipatala za mankhwala a likodzo. Pomwepo ndi pamene pamayambira msewu wa Gorodi wokwera ku Livingstonia, kuli Stone House, nyumba yakale ya amishonale, ndi mathithi a Manchewe, koma makhota ake ndi Sienta musayerekeze. Kumathithi kuja ndiye mwana mumubereke kumbuyo. Ndipo ngati amene akukuyendetsaniyo ndi mlamu wanu, muyambe mwasecha chikwama chake.