Achimwene, ndalamayo musatumize, imvani kaye za granti

Achimwene, mwaswera bwanji? Alamu ali bwanji kumeneko? Uthenga wanu ndaumvera, ndiye ndati ndijambule mawu chifukwa nkhaniyi ndi yaitali. Ndiyankhira pagulu pomwe pano kuti enanso amve, paja ana athu ophunzira zachipatala achuluka tsopano.

Mwafunsa zinthu ziwiri. Mwati mwana wathuyu, namwino wathu, walandira uthenga pa WhatsApp woti kwatuluka granti, thandizo la ndalama zochitira kafukufuku wa zaumoyo, koma ayambe watumiza K150,000 yolembetsera kudzera pa foni. Ndiye mukufunsa ngati mugulitse chimanga mumuthandize, komanso kuti kodi ndalama za kafukufukuzi zimachokera kuti kwenikweni.

Loyambalo ndiyankhe msanga. Musatumize, ngakhale tambala. Chimangacho chisiyeni m'nkhokwe. Ine ntchito yanga ndi yomweyi, yokonza mabajeti ndi mapepala a anthu ochita kafukufuku kuno ku Lilongwe, ndipo mabungwe enieni opereka granti salipiritsa munthu kuti apemphe. Amalengeza pa webusaiti yawo, amanena tsiku lotsekera, amanena amene ali woyenera kupempha, basi. Mukaona nambala ya foni ya munthu, imelo ya Gmail, ndi mawu oti fulumirani malo atsala ochepa, dziwani kuti amenewo ndi akuba.

Tsono lachiwirilo ndi limene ndikufuna tikhalepo pang'ono. Achimwene, ndinena mwaulemu, chifukwa ndamva mmene munanenera kuti zikatheka mwina nyumba ija tifolera malata. Granti silowa m'thumba mwa munthu ayi. Imapita ku akaunti ya yunivesite kapena bungwe limene munthuyo akugwirako ntchito, ndipo kwacha iliyonse imakhala ndi mzere wake. Mafuta a galimoto mzere wake, mapepala mzere wake, ya thiransipoti ya amayi obwera kudzayankha mafunso mzere wake. Mayi aliyense akalandira ya thiransipotiyo amasaina, wosatha kulemba amadinda chala, ndipo pepala lija, ndi zidindo zake zabuluu zija, timalisunga mufayilo zaka ndi zaka kudikira owerengera ndalama. Lisiti limodzi likasowa, ofesi yonse imagwada pansi kusakasaka m'makatoni. Paja amati walira mvula walira matope. Phindu la mwanayu lilipo, lalikulu ndithu, koma limabwera mwa njira ina: maphunziro aulere, dzina lake kudziwika, ntchito yabwino kutsogoloku. Malatawo adzachokera kumalipiro ake.

Iwe mwana wanga, tsopano ndikulankhula ndi iwe, tchera khutu.

Usayambe ndi kusaka ndalama. Yamba ndi funso. Tsiku lija kumaliro kwa agogo unandiuza zimene zimakupweteka mtima kuwodi yako ya amayi, kuti mayi amabereka BP ili pamwamba, mumamutulutsa ndi mankhwala, mumamulembera m'kabuku tsiku loti abwerenso, koma ambiri simuwaonanso, ena amadzabwera atakomoka kale. Limenelo ndi funso la kafukufuku, mwana wanga, ndipo ndi labwino kuposa mitu yambiri imene anthu amakopera pa intaneti. Kaundula wamkulu uja mumalembamo tsiku ndi tsiku, wothothoka chikuto uja, muli yankho la theka la funsolo. Amayi angati anatuluka BP ili pamwamba chaka chathachi? Anabweranso angati? Amene sanabwerewo amachokera kutali bwanji, anali a zaka zingati, inali mimba yachingati? Theka linalo lili m'kamwa mwa amayiwo, ukawafunse chimene chinawaletsa, kaya ndi ya kabaza, kaya ndi apongozi, kaya sanamve bwino zimene munawauza potuluka. Anthu opereka ndalama ali ku London kapena ku Geneva sangalidziwe funso limeneli. Iwe ndi amene umaliona ndi maso, ndipo mphamvu yako ili pamenepo.

Kenako upeze munthu wokutsogolera, amene anachitapo kafukufuku ndi kusindikiza. Apa ndiye tili ndi mwayi, chifukwa Malawi pa kafukufuku wa zaumoyo si dziko lakumbuyo ayi. Pa chipatala cha Kamuzu Central pompa pali bungwe la kafukufuku la UNC Project, ku Tidziwe kuja. Kafukufuku wotchedwa HPTN 052, amene mu 2011 anaonetsa kuti munthu akayamba ma ARV msanga chiopsezo chopatsira mnzake wapabanja HIV chimatsika ndi 96 peresenti, mbali ina anachitikira konkuno ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Katemera wa malungo wa RTS,S anayesedwanso kuno, ndipo mu April 2019 Malawi ndiye anali woyamba kuyamba kubaya ana kusikelo, Ghana ndi Kenya n'kutsatira. Ku Blantyre kuli Malawi-Liverpool-Wellcome pafupi ndi Queens, kuli Johns Hopkins. Bungwe lina la kafukufuku, MEIRU, lili kuno komanso ku Chilumba, ku Karonga, ndipo iwowo amalimbana kwambiri ndi matenda a shuga ndi BP, ndiye funso lakolo silingawadabwitse. Ndiye pali sukulu yako yomwe, KUHeS, ili ndi ofesi yothandiza ochita kafukufuku. Bwerera kwa mphunzitsi amene anakuyang'anira pulojekiti ya chaka chomaliza. Usapite chimanjamanja n'kumati ndithandizeni ndipeze granti. Pita ndi tsamba limodzi lolembapo funso lako, udzaona mmene akulandirire.

Malo amenewa amalembanso anamwino a kafukufuku, ndipo ena amene lero ali ndi PhD analowera khomo limenelo. Pokonzekera, chita kosi ya Good Clinical Practice, yophunzitsa malamulo a kachitidwe ka kafukufuku pa anthu, ilipo yaulere pa webusaiti ya The Global Health Network, ungathe kuimaliza pa foni. Utsegulenso ORCID, nambala yozindikiritsa munthu wochita kafukufuku, nayonso ndi yaulere, mafomu ambiri amaifunsa.

Tsopano ndalamazo. Pa msinkhu wakowu, ine ndimakonda kwambiri ya Royal Society of Tropical Medicine and Hygiene ya ku Britain. Chaka ndi chaka amapereka magranti ang'onoang'ono kwa anthu ongoyamba kumene, mpaka mapaundi 5,000, ntchito ya chaka chimodzi. Ena amainyoza kuti ndi yochepa. Ine ndimati ndi imene imatsegula njira, chifukwa wopereka zikuluzikulu amayamba wafunsa kuti munagwirapo ndalama ya munthu n'kuimaliza bwino? Funso lako la amayi a BP lingakwane bwinobwino m'ndalama imeneyo. Palinso SORT IT, imene imayendetsedwa ndi TDR, pulogalamu ya kafukufuku ya ku WHO. Imeneyo kwenikweni ndi maphunziro, amatenga anthu ogwira ntchito m'zipatala ngati iweyo n'kuwaphunzitsa kusandutsa zolembedwa m'makaundula kukhala pepala losindikizidwa. Ukamva kuti yalengezedwa, usaiphonye. Uziyang'ananso zolengeza za National Commission for Science and Technology, ili konkuno, nthawi zina imaitanitsa mapropozo a anthu akuno.

Ukafuna Masters, pali Beit Trust, imene imathandiza anthu a maiko atatu okha, Malawi, Zambia ndi Zimbabwe, ndiye mpikisano wake si wa dziko lonse lapansi. Pali Commonwealth, pali Chevening imene imafuna kuti ukhale utagwira ntchito zaka 2, ndipo ukamaliza ubwerere kwanu. Zikuluzikulu zija, za Wellcome, EDCTP ya ku Ulaya, Fogarty ya ku America, DELTAS Africa imene imayendetsedwa kuchokera ku Nairobi, zidziwe maina koma nthawi yake sinakwane. CARTA ya PhD imatenga anthu amene ali kale pantchito m'mayunivesite amene ali m'gulu lawo. Poti ndiwe mtsikana, sunganso m'mutu OWSD ndi ya L'Oréal-UNESCO, zimenezo ndi za amayi asayansi, udzazifuna ukadzafika pa PhD.

Ndisakubisire, nyengo ino ndi yovuta. Kuyambira January 2025, boma la America litaimitsa thandizo lake lakunja mpaka USAID kutsekedwa, anthu ambiri a zaumoyo anakhala pansi, ena anzanga enieni, anthu odziwa ntchito. Zimandiwawa. Ndiye amene kale ankadalira khomo limodzi tsopano akugogoda paliponse, mpikisano wakula. N'chifukwa chake ndikuti usadalire dziko limodzi, ndipo funso lako likhale lochokera pansi penipeni, limene ngakhale a DHO, mkulu wa zaumoyo m'boma lakolo, angalimve n'kunena kuti eya, ili ndi vuto lathu.

Zinthu ziwiri zimene zimagwetsa anthu ndizitchule. China ndi chilolezo. Sungayambe kufunsa odwala mafunso, kapena kutenga za m'kaundula kukasindikiza, popanda komiti yoona kuti anthu akutetezedwa. Kuno timapita ku NHSRC ya ku Unduna wa Zaumoyo, kapena ku komiti ya KUHeS, imene ambiri amaidziwa kuti COMREC, ngati ukudzera kusukuluko, ndipo kalata ya a DHO kapena mkulu wa chipatala imafunika. Kumakomiti amenewa ndiye kumalipiridwa ndalama, koma ndi ya boma kapena ya sukulu, ya lisiti, ndipo umaiika mu bajeti momwemo. Achimwene musasokoneze ndi ya akuba ija. Zimatenganso nthawi, ndiye pa ndondomeko yako usalembe kuti mwezi woyamba uyamba kale kufunsa amayi.

Chinacho ndi bajeti. Mukukumbuka mu November 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti. Anthu amene anangolemba mitengo ya m'makwacha osaganiza za mawa anavutika kwambiri, mafuta akwera, mapepala akwera, ntchito ili pakati. Lemba mu ndalama ya amene akuperekayo, ulembenso kuti wasinthira pa mtengo wanji ndi tsiku lake. Ndipo usadzaze bajeti ndi maalawansi ndi misonkhano ya kunyanja. Owerenga aja amaona msanga kuti uyu akufuna yankho kapena akufuna kudya.

Udzakanidwa, mwana wanga, mwina koyamba, mwina kachiwirinso. Mapulofesa amene umawaopa aja amakanidwa chaka chilichonse. Ndaonapo mnyamata wina wa mu labu atalandira kalata yomukana, anakhala chete tsiku lonse osadya. Mawa lake anatenga ndemanga za owerenga zija, anadula mafunso ake asanu n'kutsala ndi limodzi, chaka chotsatira anapeza. Ndemanga zimene zija ndi sukulu yaulere, uziziwerenga mtima utazizira. Achimwene, inunso ikadzafika kalata yotero musadzamufunse kuti nanga zatha bwanji, mudzangomulimbikitsa.

Ndiye uchite chonchi. Sabata ino lemba tsamba limodzi lokha: vuto ndi chiyani, ukufuna kudziwa chiyani, udzafufuza bwanji, ndipo yankholo lidzasintha chiyani kuwodi yakoyo. Maina a odwala usalembemo, ngakhale zithunzi za kaundula usatumize pagulu pano. Unditumizire kumbali pofika Lachisanu, Loweruka ubwere kunyumba tidzakhale pansi ndi CV yako yomwe, ubweretsenso satifiketi yako ya Nurses Council. Nambala ya anthu aja uibuloke, ndipo uchenjeze anzako a kuntchito, chifukwa uthengawo sunabwere kwa iwe wekha. Achimwene, mupereke moni kwa alamu ndi ana onse.